Nambala ya Malemu Zaqueu

"Ndati suchotsa! Ine ndikadali moyo, dzina la bambo silichoka pa gulu limenelo."

Kinsley ankayankhula ataima pakati pa bwalo, chipewa chake cha pa njinga yamoto chili m'khwapa. Mlongo wake Deliwe anali pakhonde ndi lichero la nyemba pamiyendo, foni ili pamwamba pa nyembazo. Mayi awo, a Bernardina, ankasenda chinangwa chapoteropo, maso ali pansi ngati sakumva.

"Achimwene, bambo tinawaika m'manda mu Novembala. Bokosi munanyamula nawo. Ndiye ndani akulemba zimenezi ndi nambala yawo?"

"Ndidziwa bwanji? Ndine sing'anga ine?"

"Ndiye mundisiye ndichotse. Ntchito ya adimini ndi imeneyo. Munthu akamanyoza anzake pa gulu timamuchenjeza kawiri, kachitatu timamutulutsa. Lamulo limeneli anaika ndi bambo omwewo."

"Ha! Uwachenjeze bambo ako? Sadaka sitinachite, sutikesi yawo sitinatsekule, iwe ukuti uwafufute ngati mwana wothawa sukulu? Anthu atiyesa ana otani? Amayi, muuzeni mwana wanuyu."

A Bernardina anaika mpeni pansi.

"Wamva, Deliwe. Za malemu sizikhudzidwa kufikira mng'ono wawo Cristovao atabwera kudzatsekula katundu. Ndi mwambo wa kwawo umenewo."

"Abwera liti, amayi? Njira yawo ndi yomwe anthu akuthawirayi. Tidikira nkhondo ithe, uku moto ukuyaka pakhomo?"

"Fupa lokakamiza limaswa mphika," anatero Kinsley, navala chipewa chija. "Ine ndapita kumalire."

"Upite bwino, Inocêncio."

"Kinsley, amayi. Ndinene kangati?"

Njinga inalira, nitsika phiri.

Gulu la pa WhatsApp limene ankalimbiranalo linkatchedwa Mjigo Wathu. A Zaqueu anakhala wapampando wa komiti ya mjigo zaka zambiri, ndipo Deliwe atawagulira foni ya tachi anati, "Tipange bwalo la m'manja, kuti ana athu a ku Blantyre ndi ku Joni azimva mjigo ukafa." Pa gulupo pankabwera za mjigo, za maliro, za mbuzi yosochera. Chithunzi chawo chinali chija anajambulitsa atavala chipewa cha mlaza, dzanja lili pa chogwirira cha mjigo, akuseka ndi mano awo otalikirana.

Atamwalira, Kinsley monga mwana wamkulu ndiye analongedza katundu wawo. Anaika m'sutikesi jekete, Baibulo la Chipwitikizi, kambale kachitsulo kopindika kamene palibe ankadyerapo, ndi foni ija. Anakhoma, kiyi n'kupereka kwa mayi ake, ndipo iwo anaimangirira pa kolona ya m'khosi.

Mu Januwale anthu othawa nkhondo anayamba kutsika m'mapiri a kumalire atasenza mitolo, ana ali kumsana. Ambiri anapita kumsasa ku Kapise. Mmodzi a Bernardina anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa msuku m'mbali mwa njira, mapazi atatupa, ali ndi pakati pooneka. Dzina lake anali Cleide. Mwamuna wake anasiyana naye pothawa, ndipo sankadziwa ngati ali moyo. Sanali mbale wawo ngakhale pang'ono. A Bernardina anangomugwira dzanja n'kubwera naye, namusesera kanyumba kophikira.

Patapita masiku atatu, m'mawa anthu akupita kumunda, nkhope ya a Zaqueu inatulukira pa mafoni a anthu makumi asanu ndi atatu. Pansi pake panali mawu akuti: "Ana anga, mudzi ndinakusiyirani woyera. Mwaudzaza ndi obwera?"

Mayi wina amene anayamba kuuona uthengawo anaponya foni m'chimanga n'kuthawa.

Tsopano unali mlungu wachitatu. Nkhope ija inkabwera kawiri kapena katatu pa mlungu, nthawi zonse masana. Deliwe ankati akayesa kuimba nambalayo, ankauzidwa kuti foniyo ndi yozima. Anthu a pamudzi ankanong'onezana kuti mzimu wa a Zaqueu sunagone. Anyamata a ku Joni, amene sanaone wothawa nkhondo ngakhale mmodzi, ankaika tinkhope toseka n'kumati, "Akulu anena, akulu anena!"

Kinsley atachoka, a Bernardina anasendeza mpando wawo pafupi.

"Tandiwerengera wadzulo uja."

"Amayi, muumverenji? Si bambo amenewa."

"Werenga."

Deliwe anawerenga motsitsa. "Amene mwawasunga m'makhitchini mwanuwo, amuna awo ali kutchire ndi mfuti. Tsiku lina adzabwera kudzatenga akazi awo ndi mbuzi zanu zomwe."

A Bernardina anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anachikhudza ndi chala chonyowa ndi madzi a chinangwa, chithunzicho n'kukula, nkhope ija n'kudzaza foni yonse. Anabweza dzanja msanga.

"Kodi ndinawalakwira chiyani? Zaka makumi atatu sananditukwanepo. Akayambire kumanda?"

"Wakufa salemba, amayi. Pali munthu amene ali ndi nambala imeneyi."

"Foni ili m'sutikesi. Kiyi ndi iyi." Anagwira pachifuwa. "Ndikagona ndimamvetsera. Nthawi zina ndimakhala ngati ndikumva ikunjenjemera mkatimo."

Tsiku lomwelo Deliwe anakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki inkagwira bwino, naimbira Jailosi, adimini mnzake amene ankagwira ntchito ya ulonda ku Blantyre. Foni ya Deliwe inagwapo pansi, kotero inkangomveka mokweza, ndipo aliyense wodutsa ankamva zokambidwa.

"Mlongo, iwe ukudandaula chiyani?" Jailosi anaseka. "Gulu lija linali lofa. Pano ndikatsekula ndimapeza mauthenga zana. Ntchito ikumayenda."

"Pali munthu pakhomo pathu amene akunenedwa, a Jailosi. Ndi wodwala."

"Ndi mawu chabe amenewo. Mawu aluma munthu? Njira yake musamamuyankhe. Galu ukamuponyera mwala ndiye auwa kwambiri."

"Ine sindimuyankha, koma anthu makumi asanu ndi atatu ndiwatseka pakamwa bwanji? Tachotsani inu, poti ine andiletsa."

"Ayi ayi, ine ndichotse malemu? Ndimagona ndekha kuno ine. Zimenezo n'za pabanja panu."

Lachiwiri lotsatira nkhope ija inabwera ndi chithunzi china. Chinali cha Cleide ali pamjigo, atawerama, akutsuka kansalu m'beseni. Anajambulidwa cham'mbuyo, kuchokera kunjira. Mawu ake anali akuti: "Onani zimene mukumwa. Kumsasa anthu akutsekula m'mimba, uyu akuchapira pamadzi anu. Mjigo wanga uikidwe loko."

Deliwe anali m'kalasi pa sukulu ya mkombaphala pamene ankaphunzitsa. Anatuluka panja, nalemba: "Abale, chenjezo lachiwiri. Cleide sakudwala matenda aliwonse, ndinapita naye ndekha kusikelo. Amene akulemba ndi nambala iyi si bambo anga. Bambo anakana loko pamjigo moyo wawo wonse, nonse mukudziwa."

Palibe anamuyankha. Mawu ake anakwiririka ndi tinkhope tolira, tinkhope tokwiya, ndi mawu a anthu otukwana. Ngakhale Kinsley analemba ndi nambala yake: "Bambo, pumani mu mtendere, ife ana anu tamva." Anthu anamuyamikira kuti ndi mwana womvera.

M'mawa mwake Deliwe ndi Cleide anapeza chogwirira cha mjigo chitamangidwa ndi tcheni. Kiyi inali ndi a Iness, amene ankayang'anira ukhondo pamjigopo, mayi wa mawu okuluwika ndi mtima wosachedwa kuopa. Amayi ena anali atandanda ndi zidebe zawo.

"Deliwe, iwe tunga," anatero a Iness. "Khomo lililonse zidebe zitatu m'mawa, zitatu madzulo. Koma mnzakoyo asakhudze chogwirira."

"A Iness, ndi inu amene munkati mlendo ndi mame?"

"Mame ake ati, mwezi wathunthu? Ine ndili ndi zidzukulu zinayi m'nyumba. Zikayamba kutsekula m'mimba udzandithandiza kukumba manda iwe? Ndiponso si ine ndanena. Anena ndi bambo ako."

"Bambo anga ali kumanda."

"Ndiye chifukwa chake tikuopa! Wamoyo ungatsutsane naye. Wakufa ukamutsutsa ukadandaula kuti?"

Amayi ena anavomereza. Wina anakankha chidebe cha Cleide ndi phazi, chinagubuduka mpaka m'ngalande. Cleide anachitola pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira msana. Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chinyungwe, ndipo ankayankhula mochepa. Deliwe ankamutchula kuti mana, kutanthauza achemwali.

"Mana Deliwe, musakangane chifukwa cha ine. Madzi ali ponseponse."

"Usapite kukhwawa, wamva? Njira yake ndi yoterera. Ndizikutungira ine."

"Ndamva."

Koma zidebe zitatu pakhomo la anthu anayi zinkatha dzuwa lisanafike pamutu. Cleide ankaona a Bernardina akuyeza madzi ndi kapu, ankaona Kinsley akugwedeza mtsuko wopanda kanthu n'kutsonya. Deliwe akapita kusukulu, a Bernardina akapita kumunda, iye ankatenga chidebe chake n'kutsika kukhwawa mwakachetechete. Akabwera ankathira madziwo mumtsuko ngati palibe chachitika. Anachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi.

Deliwe masiku amenewo ankayenda ngati munthu wosenza mwala. Analemba pa pepala masiku onse amene nkhope ija inayankhula, nayesa kukumbukira amene anali pamudzi ndi amene anachokapo. Anakayikira mphunzitsi wina wa kupulayimale. Anakayikira mwamuna wa a Iness. Anaima panjira pamene chithunzi chija chinajambulidwira, naona kuti wojambulayo anali pamwamba pang'ono, ngati munthu wokhala pa chinthu. Ganizo lina linabwera, koma analikankha msanga ngati mmene munthu amakankhira nkhuku yolowa m'nyumba. Kangapo konse anakwera pachulu, natsekula dzina la bambo ake, chala chili pamwamba pa mawu ochotsera. Nkhope ija inkamuyang'ana ikuseka ndi mano otalikirana, ndipo chala chinkabwerera chokha.

Lachisanu la mlungu wotsatira mvula inagwa m'mawa wonse. Deliwe anaweruka masana, napeza mayi ake akuthamanga kuchokera kukhwawa, mpango utagwa, matope mpaka m'maondo.

"Deliwe! Cleide wagwa! Magazi, mwana wanga, magazi!"

Anamupeza ali chigonere pakati pa miyala, chidebe chili pansi penipeni pa khwawa. Awiriwo anamukoka, namunyamula, mpaka anamufikitsa m'kanyumba kophikira. Cleide sankalira. Ankangoluma nsalu, maso ali kudenga.

"Imba foni! Njinga ibwere, tipite naye kuchipatala ku boma!"

Deliwe anathamangira pachulu, mayi ake ali pambuyo. Manja anali amatope, maso odzaza misozi. Chiyambire kukhala ndi foni, vuto lililonse likagwa, kaya mwana wakomoka kusukulu, kaya mbuzi yalowa m'munda mwa eni, chala chake chinkadziwa njira imodzi yokha. Sanaganize n'komwe. Anadina dzina loyamba lija, lakuti Bambo.

Anazindikira nkhope ija itadzaza kale foni. Anati azimitse, koma anamva chinthu chimene sanachimve miyezi inayi. Foni inali kuitana.

Inaitana kamodzi. Kawiri. A Bernardina anagwira kolona yawo.

"Halo?"

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka magalimoto akuluakulu a pamalire ndi anyamata oitanira makasitomala. Mawuwo anamveka mokweza pachulu ponse.

"Halo? Ndani? Ndili pa siteji, yankhulani msanga."

Kenaka kunangoti zii, ngati munthu wachotsa foni kukhutu n'kuyang'ana nambala imene yaimbidwa.

Deliwe anayang'ana mayi ake. 

"Achimwene," anatero Deliwe ndi mawu ozizira amene iye mwini sanawazindikire. "Bwerani ndi njinga. Cleide wagwa kukhwawa."

Njinga inafika patapita ola ndi theka, chifukwa msewu unali matope okhaokha. Inapeza zonse zitatha. Mwanayo anali wamkazi, ndipo sanalire.

Nthayo, mwana wobadwa wakufa, siikidwa ndi amuna, ndipo siliridwa. Mawa lake m'mawa amayi okhaokha anatenga kamtolo kokulungidwa m'chitenje n'kupita nako kumapeto kwa manda. A Iness ndiwo anakumba, poti ndiwo ankadziwa kuya kwake. Mayi uja anakankha chidebe ndiye ananyamula khasu. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero lokweza. Kunkangomveka khasu ndi njiwa. Pobwerera anadutsa pamjigo kuti asambe m'manja, ndipo a Iness anatsekula loko. Palibe anayang'ana mnzake kumaso.

Atafika kunyumba a Bernardina sanakhale pansi. Analowa kuchipinda, natuluka akukoka sutikesi, naiika pakati pa bwalo dzuwa likuswa mtengo. Kinsley anali pansi pa mtengo wa mango, akupukuta njinga imene inali yoyera kale.

"Inocêncio, bwera kuno."

Ulendo uno sanawakonze dzina. Anabwera.

"Amayi, mwambo uja. A Cristovao..."

"Mwambo unauswa ndiwe tsiku lolongedza. Ine ndikungotsekula chimene chinatsekulidwa kale."

Anavula kolona, natsekula. Fungo la a Zaqueu linatuluka, fungo la fodya ndi sopo, ndipo Deliwe anatembenukira kumbali. Foni inali m'thumba la jekete. A Bernardina anaipereka kwa Deliwe, iye anatsekula kumbuyo kwake. Malo a simu anali opanda kanthu.

"Tandiuza," anatero mayiwo mofatsa. "Ndikufuna ndimve ndi makutu anga. Milungu yonseyi ndinkagona ndikupempha amuna anga kuti andikhululukire, osadziwa chimene ndalakwa. Iwe uli chipinda chinacho ukumva. Tandiuza."

"Ndinkangoseka, amayi."

"Unkaseka."

"Simu ndinatenga kuti ndizisunga chabe, anthu ena a bambo ankaimbabe. Uthenga woyamba uja ndinkafuna kungowaopseza a Iness, tiseke. Sindinamukankhe ine munthuyo. Loko sindinaike ine. Kukhwawa ndinamutuma ine? Anali mawu chabe."

"Nanga chithunzi chija?" anafunsa Deliwe. "Munajambula muli panjinga, achimwene. Munthu woti m'mawa mwake anakuchapirani malaya."

"Iwe khala chete! Iwe unabadwira kuno, dzina lako ndi Deliwe, palibe anakutchulapo kanthu. Ukudziwa dzina langa pa siteji? Refu. Kuyambira sitandade wani, Refu, kunena refuji, wothawa nkhondo. Ndinasintha dzina, Chipwitikizi ndinasiya, ndinayesetsa mpaka anthu anayamba kuiwala. Ndiye abwere awa ndi mitolo yawo, zonse zayambiranso. 'Refu, abale ako afika, ukawalandire.' 'Refu, mfuti wabisa kuti?' Kasitomala amafika, wina n'kunena kuti musakwere ameneyo, akakutsitsirani kutchire. Ndikafika kunyumba, ndipeze amayi anga atola wina panjira n'kumuika m'khitchini, kuti mudzi wonse ukumbukire kumene tinachokera!"

Anapuma, napukuta kumaso ndi chiguduli cha njinga.

"Ndipo ndikuuzeni. Ine ndikalemba pa gulu paja ndi nambala yanga, palibe amayankha. Ngakhale kankhope kamodzi. Koma ndikalemba ndi ya bambo, mudzi wonse umadzuka, Blantyre imadzuka, Joni imadzuka. Ndinkati lero ndi lomaliza. Mawa lake ndikaima pa siteji popanda kasitomala, dzanja linkapita lokha."

A Bernardina anapisa dzanja m'sutikesi, natulutsa kambale kachitsulo kopindika kaja. Anakapukuta ndi chitenje chawo.

"Unalongedza kambale aka. Unafunsa kuti n'kachiyani?"

Kinsley anapukusa mutu.

"Chaka cha eyite seveni. Iwe unali paphewa pa bambo ako, zaka ziwiri. Ine kumsana ndinali ndi mlongo wako wa milungu itatu. Dzina tinali tisanamupatse, tinkati tikafika. Tinayenda masiku anayi, mkaka unauma. Mudzi woyamba kuno ku Malawi tinapeza chitsime, koma panali munthu ndi chibonga. Anati obwera mukubweretsa matenda, pitani kutsogolo. Bambo ako anagwada, anatambasula kambale aka, kuti madzi a m'kambale muno okha. Anatikana. Tinapita kutsogolo. Dzuwa likupendeka ndinamva kumsana kwazizira."

Deliwe anakhala pansi pafumbi. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

"Khasu tinalibe. Bambo ako anakumba ndi kambale komweka, ndiye kanapindika chonchi. Mwamuna saika khanda, koma panalibe mkazi wina woti andithandize. Mtengo umene tinamuika pansi pake sindingaudziwenso. Tinafika mudzi uno usanagone, mayi wina amene sankatidziwa anatipatsa madzi m'chikho. Ndiwo anali mayi awo a Iness. Ukuganiza kuti bambo ako ankakonda chiyani pa mjigo, kudzuka m'mamawa kukathira girizi zaka zonsezi popanda malipiro? Ankati bola ine ndili moyo, pamudzi pano munthu sadzapempha madzi atagwada. Ndiye iwe watenga nkhope yawo, pakamwa pawo, n'kukaimika munthu wa chibonga uja pamjigo pawo."

"Amayi, sindinkadziwa."

"Sunkadziwa za mlongo wako. Za Cleide unkadziwa."

Kinsley anagwada, koma mayi ake sanamuyang'ane. Deliwe anaimirira, namutambasulira foni yake.

"Ukayenda siya phazi, achimwene, ukasiya mlomo umakutsata. Dinani apa muyankhule ndi mawu anu. Muwauze anthu kuti munali inu."

Kinsley anaiyang'ana foniyo ngati njoka.

"Andipha, Deliwe. Pa siteji sindidzaimanso."

"Ndiye mukufuna mlanduwu ukhale wa bambo mpaka kalekale?"

Kinsley anatulutsa foni yake, naitsekula kumbuyo, nachotsa kasimu kamodzi mwa tiwiri timene tinali mmenemo. Anakaika m'kambale kaja, kanalira kuti nge. Kenaka anapita panjinga yake. Sanailize. Anaikankha ndi manja kutsika phiri, mutu uli pansi, mpaka anabisika ndi chimanga.

"Tiye pachulu," anatero a Bernardina.

Anali asanayankhulepo pa gulu chiyambire. Anagwira foni ndi manja awiri ngati chikho, Deliwe atawadinira.

"Ndine Bernardina, mkazi wa a Zaqueu, wobwera wa chaka cha eyite seveni. Amuna anga sanayankhule ndi inu. Anagona mu Novembala ndipo sanadzukepo. Amene ankalemba ndi mwana wanga Inocêncio, amene mumamutcha Kinsley, amene ena mumamutcha Refu. Ndinabereka ndine, manyazi ake ndi anga. Koma iye analemba yekha, oseka munali ambiri. Tcheni sanagule iye. Amuna anga munakhala nawo zaka makumi atatu, munamwa madzi a m'manja mwawo, ndipo palibe mmodzi wa inu anati, ayi, mawu awa si a Zaqueu. Ngakhale ine ndinakayika. Lero taika mwana kumapeto kwa manda. Analibe dzina. Ndatha."

Uthengawo unapita. Timizere tosonyeza kuti anthu amva tinayamba kuoneka, koma palibe analemba kanthu. Jailosi anayamba kulemba, nasiya. Anayambanso, nasiyanso.

Deliwe anatsekula mndandanda wa anthu a pa gulu, napeza nkhope ija. Chipewa cha mlaza, dzanja pa chogwirira, mano otalikirana.

"Ndikanachotsa tsiku loyamba lija, amayi. Lamulo ndinkalidziwa. Ndinkaopa kuti ndikadina apa ndiye kuti apitadi."

"Tonse tinkaopa. Dina, mwana wanga." A Bernardina anaweramira pafoni. "Pitani bwino, a Zaqueu. Mukamupeze mwana uja, mumuuze kuti wabwera mnzake."

Deliwe anadina. Nkhope ija inazimirira, ndipo pansi pa uthenga wa mayi ake panatuluka kamzere kakang'ono konena kuti iye wachotsa Bambo.

Ali pachulu pomwepo anamva kulira kwa chogwirira cha mjigo kumunsi, kopanda phokoso la tcheni. Patapita kanthawi a Iness anatulukira panjira atasenza chidebe chodzaza. Sanapereke moni. Anapita molunjika pa kanyumba kophikira, natula chidebecho pakhomo, nagwada.

"Odi, mayi. Ndabweretsa madzi."

Chitseko chinali chotseka. Mkatimo Cleide anali maso, poti Deliwe ankamumva akutembenuka pamphasa, koma sanayankhe. A Iness anadikira, naodiranso, kenaka ananyamuka n'kubwerera akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Madziwo anakhala pakhomopo masana onse. Masamba a mango anagweramo. Dzuwa likulowa, nkhuku zokha ndi zimene zinali zitamwako.